Sabumarini Inanditengera Nsonga ya Chala

Chizindikiro choyamba chinali kugunda. Chala changa chachikulu cha kumanja chinayamba kugunda ngati m'kati mwake muli mtima wachiwiri. Munali mu Juni, chapakati pa zaka za m'ma 1990, mphepo ya Gaborone ikuluma, ndiye ndinangoti n'kuzizira.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku White City, ine ndi mkazi wanga Nasibeko. Ntchito yanga inali yogula katundu kwa anthu amene akusamuka n'kukagulitsa kusiteshoni: mapoto, mawayilesi, nsapato. Mzungu wina ku Tsholofelo ndinamunenerera firiji mpaka anatopa nane, ndipo pofuna kuti ndizipita anandiponyera katoni ya basela. M'katonimo munali tizidutswa ta pulasitiki tomangira sabumarini, sitima ija yoyenda pansi pa nyanja, yoti ikatha italike ngati mkono. Ndinaitsatsa mpaka kukhosi kuuma. M'dziko lopanda nyanja palibe anaicheukira. Ndinaganiza zoimanga ndekha, kuti mwina ikaoneka thupi igulidwa.

Sindinadziwe kuti indikoka mtima chotero. Ndikaweruka ndinkadula tizidutswa pamafelemu ake, kupala ndi sandipepa, kumata mbali ziwiri za mimba yake n'kuzimanga ndi timalamba ta labala kuti zigwirane. Panali timakwerero tochepa ngati chikhadabo, tizitseko, kapulopela, ndi kachitoliro koonera pamwamba pa madzi. Pepala la malangizo linkati pakufunika kampeni kapadera. Nditaona mtengo wake m'sitolo ndinaseka, n'kukagula lezala. Lezala yomweyo ndi imene inaterereka Loweruka lina n'kulowa kwambiri pafupi ndi chikhadabo. Guluu wamphamvu uja wa m'kachubu anali pompo. Ndinati chomata sitima yankhondo sichingalephere khungu la munthu wa ku Ntcheu. Ndinatseka balalo osalitsuka n'komwe, n'kupitiriza ntchito.

Patapita masiku chala chinatupa, chinayamba kunyezimira, kenako kunsonga kunada. Nasibeko anati, "Bambo a Tadala, tiyeni kukiliniki." Ndinati mawa, lero pali sofa yoti ndikaone. Ndinayesa madzi amchere, ndinayesa mapilisi a mutu. Kenako kunabwera kutentha thupi ndi kunjenjemera, mwanabere m'khwapa, ndipo m'mawa wina ndinapeza dzanja lonse latupa, kufiira kukukwera ndi mkono. Apo nthabwala zinandithera.

Namwino wa pakiliniki anangoyang'ana kamodzi n'kutitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine nditakweza mkono m'mwamba ngati mwana wasukulu wofuna kuyankha funso, chifukwa ndikautsitsa ululu unkafika m'mano. Dokotala amene anandiona anali wa ku Chipata. Atachotsa guluu uja mafinya anatuluka ndi fungo loti mkazi wanga anatembenukira kukhoma. Kenako dokotalayo anatenga bolopeni n'kujambula mzere kuzungulira mkono wanga, pang'ono chabe pamwamba pa pomwe kufiira kunalekezera.

"Mudala, mwachedwa maningi," anatero. "Tikuikani pa diripi. Kufiira uku kukapitirira mzere uyu, tizakamba za dzanja lonse, osati chala."

Pakamwa panga panayamba pokha ntchito imene panazolowera. Ndinafunsa ngati mzerewo sangausunthireko m'mwamba pang'ono. Sanaseke.

"Ine ningasunthe bolopeni. Matenda siyazasuntha."

Anandigoneka mu wodi ya amuna. Moyo wa mmenemo uli ndi ndondomeko yake. M'mamawa anamwino amabwera ndi moni wawo wa "Dumela, Rra," kuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kusintha botolo la diripi, kenako tiyi. Madokotala amadutsa bedi ndi bedi, kulankhulana okhaokha, n'kupita. Yotsala ndi ntchito yodikira. Pabedi loyandikana nane panali bambo wina Mtswana amene mkono wa malaya ake unali wopindidwa n'kumangidwa ndi pini pachigongono. Anali munthu wansangala, ankandigawira malalanje, koma ine ndinkalephera kumuyang'ana mbali imeneyo.

Maso anga anali pamzere. Ndinkauyang'ana ndisanamwe madzi, ndikatha kumwa, ndikatembenuka. Tsiku lotsatira kufiira kunafika pa inki penipeni. Ndinaphimba mkono ndi bulangeti ngati kuti ndikaubisa dokotala aiwala. Ndinkalingalira mmene ndidzanyamulire firiji ndi dzanja limodzi, ndiponso chimene ndidzawauze amayi kumudzi. Anzanga manja amawataya kumigodi. Ine ndidzati ndinataya pomanga chidole. Nasibeko ankabwera nthawi ya alendo, atatsika kombi kuchokera kuntchito, n'kukhala atagwira phazi langa. Sananene kuti anandiuza. Bola akanangonena.

Kufiirako kunaima pamzere pomwepo, osapitirira, kenako kunayamba kubwerera pang'onopang'ono. Namwino wina wachikulire ndi amene anayamba kuona. Anandisonyeza ndi chala chake kampata ka khungu labwino pakati pa inki ndi chotupa. Ndinamuthokoza m'chinenero chake, ndinati ke a leboga. Dzanja linapulumuka, koma nsonga ya chala inali itafa kale. Madokotala anandibaya jekeseni wadzanzi n'kuidula pamfundo yoyamba. Ndinkamva zonse zimene ankachita, kupatula ululu.

Nditatuluka ndinkapita kukiliniki kukatsukitsa bala ndi kusintha bandeji mpaka nyengo yotentha itayamba. Mapilisi ndinamaliza onse, osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Anandiuza kuti ndizigwiritsa ntchito chalacho kuti chisaume, ndiye ndinabwerera ku sabumarini ija. Ndinagula kampeni koyenera pamtengo wolembedwa, osanenerera. Tizidutswa tating'ono ndinkatola ndi kopanira ka nsidze ka mkazi wanga. Ndinaipaka penti wotuwa, m'munsi wofiira, n'kuika timizere ta dzimbiri pomwe madzi angamatsikire. Kakwerero kamodzi kanakhala kopendama. Mphunzitsi wina wa ku Zambia anafuna kuigula, ndinakana. Anayesa ndikukweza mtengo, koma ndinkanena zoona.

Lero ndili bwino. Ndimanyamula katundu, ndimalemba, kungoti mabatani a malaya amandichedwetsa ndipo kukazizira chitsa cha chalachi chimawawa. Inu amene mwadzicheka, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, musalitseke ndi zinthu za m'bokosi la zida. Likayamba kugunda, kutupa kapena kufiira kukamakwera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pamsika ndimadziwa kuti ukachokapo n'kudikira, wogulitsa amakuitananso atatsitsa. Ndinayesa nzeru yomweyo pa bala, ndipo tsiku lililonse limene ndinadikira mtengo unkangokwera.