Bokosi la makalata a kaputeni

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Canada inali yosamalira nkhalamba ina yaimuna yachizungu ku Oakville. Ndinkanyamuka ku Mississauga pa basi, kenako sitima, n'kukafika kunyumba kwawo manja ataziziriratu. Anandilemba kuti ndiziwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala, koma ntchito yeniyeni inali m'chipinda chapansi, momwe munali bokosi lachitsulo lodzaza makalata.

Agogowo, poti ndi mmene ndinkawaitanira, anatha moyo wawo wonse akusonkhanitsa makalata a kholo lawo, kaputeni wa asilikali a ku Mangalande amene anatumizidwa kuno zaka za m'ma 1800. Ena anagula kwa ogulitsa zinthu zakale, ena anachita kupempha kwa achibale akutali, ndipo mpukutu wina anaupeza m'katoni ya nsapato ku Hamilton. Munalinso mapu ndi ziphaso za usilikali. Maso awo atafooka, wowerenga ndinakhala ine.

Koma inu, nkhalamba inali yovuta ija. Ndisanagwire pepala ndinkayenera kusamba m'manja, osadzola mafuta ngakhale pang'ono, moti nyengo yozizira manja anga ankatuwa ngati ndachokera kuchigayo. Tsiku lina ndinanyambita chala kuti nditembenuze tsamba. Munthu wosaona uja anamva, sindidziwa bwanji, ndipo anandikalipira mpaka tiyi anazizira. Nanenso sindinawasiye. Ndinawauza kuti kaputeni wawoyo ankalemba ngati nkhuku yapalasa, ayamike kuti apeza womuwerenga.

Ndinkayembekezera nkhani za mizinga ndi nkhondo. Ayi ndithu, kaputeniyo anali munthu wodandaula. Kuzizira, nsapato zolowa madzi, dzino lomusowetsa tulo, kavalo wotsokomola. Koposa zonse ankadandaulira mkazi wake amene anatsala kwawo kuti akuchedwa kuyankha, n'kumafunsa ngati mwana wayamba kuyenda. Ine ndinali nditasiya ana awiri ku Dedza. Ndikafika pamenepo mawu ankandithawa, ndipo agogo ankanamizira kufuna madzi kuti ndipite kukhitchini ndikapukute misozi. Masana amenewo ndimawasowa kwambiri.

Mantha awo anali amodzi: kuti akadzamwalira zonsezi zidzatayidwa, chifukwa mwana wawo wamkazi, yemwe ankakhala kutali, analibe nazo chidwi. Tsiku lina anandigwira dzanja.

"Ndikadzapita, bokosili mudzalitenge inu. Mukalipereke kunyumba yosungira zinthu zakale ku Hamilton."

Ndinavomera ndi mtima wonse.

Agogo anamwalirira kuchipatala chipale chofewa chitayamba kusungunuka. Mawa lake ndinapita kunyumba kuja kukatenga nsapato zanga zantchito ndi kusiya makiyi. Ndinatsikira kuchipinda chapansi, n'kuima pafupi ndi bokosi lija nthawi yaitali. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka maliro atatha, achibale atakhala pansi n'kugawa poyera, aliyense akuona. Wonyamula kanthu mtembo usanaikidwe timamutcha wolanda chuma cha masiye, ndipo dzinalo silifufutika. Ndiye ine wantchito chabe, ndituluke m'nyumba ya eni ndi bokosi pamutu? Mayi anga akanadzuka m'manda. Ndinalipukuta fumbi, kuliphimba ndi nsalu, n'kutseka chitseko.

Pamaliro ndinapepesa mwana wawo uja, koma za bokosi sindinatchule. Ndani amalankhula za katundu anthu akulira? Ndinabwerera kunyumba kukadikira kuti andiitane tsiku logawa. Mnzanga wina wakutchalitchi anandichenjeza kuti azungu sakhala pansi ngati ife, ndiimbe foni. Ndinamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ulemu ndi ulemu kulikonse.

Masabata atadutsa osamva kanthu, ndinaganiza zopitako ndekha. Ndinabwereka chikwama chachikulu chamatayala n'kukwera sitima. Ndinapeza chikwangwani chogulitsa nyumba chili pakapinga, makatani atachotsedwa, mwana wawo akutseka galaja. Anandilandira bwino, mpaka kundikumbatira. Nditafunsa za makalata, anadabwa.

"Bambo anandiuza kuti bokosilo ndi lanu," iye anatero. "Nditaona kuti mwabweza makiyi koma ilo mwalisiya, ndinati basi simukulifuna. Anthu ochotsa katundu anasesa zonse sabata yatha."

Ndinafunsa kumene amapita nazo. Anati zina amagulitsa, zina amakataya kudzala, ndipo mapepala akale sakhulupirira kuti angawasunge. Anaimbira anthuwo ine ndili pomwepo. Iwo anati bokosi lachitsulo akulikumbukira, linapita kwa ogula zitsulo, koma za m'kati mwake anakhuthula.

Mwana uja anapepesa, nanenso ndinapepesa, sindidziwa kuti ndinkapepesa ndani. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la maliro. Anafuna kundiperekeza pa galimoto, ndinakana. Ndinayenda wapansi mpaka kusiteshoni, ndikukoka chikwama chopanda kanthu.