Mpango wa pakhosi pa atate

Kwathu ku Mwape amanditchula Dokotala, chifukwa ndinaphunzilako zachipatala miyezi isanu ndi iwili, akukoleji asanazindikile kuti analakwitsa ponditenga.

Atate atagwa panjinga ubongo unatupa, ndipo kuchipatala anawagoneka mutu uli m'mwamba. Kunja kunali chisanu cha Juni. Ine, katswili wa banja, ndinawamanga mpango pakhosi, mfundo ziwili zolimba bwino.

Anesi atafika anaumasula msangamsanga. "Wamanga ndani? M'chigaza mwathina kale. Magazi amatsika kudzela m'mitsempha ya pakhosiyi, ndiye mukaifinya amadzazana m'mutu momwemo. Mufuna kuwapha abambo?"

Phunzilo limenelo ndinalikumbuka pomwepo, pakuti ndi lomwe linandigwetsa mayeso. Ndinayang'ana nsapato zanga mwaulemu waukulu.

Amai anandiponyela diso, kenaka anati, "Ndine, anesi. Ife osaphunzila tidziwa chiyani?" Anakalipilidwa wodi yonse ikumva, ine ndikugwedeza mutu ngati mnzawo wa anesi.

Atate anachila. Lelo ndimakhala ndekha m'kasitolo ku Nyimba, ndipo kwathu sindipitapita. Amai akaimba foni amayamba ndi, "Mwauka bwanji, a Dokotala?" Ndimatchela khutu kuti mwina aseka. Saseka, ndipo za mpango sanatchulepo.