Chiwindi Chofutsa cha Hermínia

Inu amene mwalephera kamodzi n'kuyamba kudzitcha mbuli, tamvani za Hermínia wa ku Nkholongue.

Tsiku limene anzake anamuseka mpaka kugwira nthiti, anali ataima kutsogolo kwa kalasi ndi makapu atatu. Desima, kalasi ya khumi ija, anali akuibwereza, ndipo amalume ake omulera, a Bartolomeyo, anali atanena mosapsatira: "Ukalepheranso, sukulu yathera pomwepo. Uzikayanika usipa ku Chiwanga."

Aphunzitsi a Biyolojiya, a Lameki, anauza aliyense kuti akonze choyesera chake, ndipo malikisi ake anali olowa m'zotsatira za chaka. Hermínia anafuna kuona ngati kuwawasa kumafooketsa enzima, tinthu tofulumizitsa ntchito m'thupi. M'chiwindi muli enzima yotulutsa thovu ukathirapo agua oksijenada, mankhwala otsukira zilonda aja.

Anaika chiwindi cha mbuzi m'madzi a mandimu, china m'madzi wamba, china m'chidulo, chomwe chimatsutsana ndi kuwawasa. Anathira mankhwala. Makapu onse zii!

"Chiwindichi unachitani?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndinachifutsa kuti chisaole panjira."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Koma mwana wa kunyanja akanatani? Kwawo chinthu chofuna kuyenda padzuwa amayamba achiviika m'madzi otentha ngati usipa.

"Moto umapha enzima," anatero a Lameki. "Ubwerenso Lachisanu. Zikakanika, ndilemba ziro."

Hermínia analira njira yonse, osabisa. Atafika kunyumba anapukuta misozi n'kuyambiranso. Anapempha ziwindi zaziwisi za kampango kwa asodzi, nayesera kuseri kwa khitchini. Poyamba thovu linkangobwera chisawawa. Atayang'anitsitsa anaona kuti kwina ankaika nthuli yaikulu, kwina mankhwala ambiri. Ndiye ukadziwa bwanji chimene chasintha thovulo?

Basi, anayamba kudula nthuli zofanana ndi lezala, mankhwala n'kumayeza ndi kachitsekero kamodzi ka botolo. Chosiyana chinatsala chimodzi chokha: madzi oviikamo. Amalume ankangopukusa mutu. "Anzako akuphika ndiwo, iwe ukuzithira mankhwala a zilonda!"

Lachisanu m'mawa Hermínia anadzera pamsika wa Metangula n'kutenga chiwindi cha mbuzi yongophedwa kumene. Atafika m'kalasi anaviika nthuli zake m'makapu atatu aja n'kuthira mankhwala. M'madzi wamba thovu linasefukira mpaka patebulo. M'chidulo linakwera pang'ono. M'mandimu munangotuluka timathovu towerengeka.

"Kuwawasa kwaifooketsa enzima ija," anafotokoza Hermínia. "Chidulo nachonso sichikuikomera. Imagwira bwino pakatikati, m'madzi wamba."

A Lameki anatembenukira kwa oseka aja. "Kopani dongosolo lakeli m'makope mwanu. Kuyesa kumakhala chonchi."

Chaka chimenecho Hermínia anakhoza, ndipo a Bartolomeyo anamugulira okha yunifolomu ya kalasi yotsatira.

Mnzanga, kulakwitsa si uchitsiru. Funsa pamene panakhota, ukonze chimodzichimodzi, uyesenso. Akuseke lero, koma iwe usataye mtima.