Ndinapempha khomo limodzi pa rauta, ananditsegulira nyumba yonse

Inu a kampani ya intaneti amene munandiikira rauta, kabokosi ka intaneti kaja, kunyumba kwanga ku Wusakile ku Kitwe kuno, mwandipha. Dzina lanu sinditchula lero, koma mukudzidziwa.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimajambula zithunzi. Maukwati, ubatizo, makichini pate otsanzikira akwatibwi. Palinso ntchito ina imene mwamuna wojambula sangaione: nthawi imene alangizi akuveka mkwatibwi mikanda, chitseko chili chotseka. Mabanja ena akwathu kum'mawa amafuna chithunzi chimodzi kapena ziwiri zoti mtsikanayo asunge yekha. Amaitana ine chifukwa ndine mayi wapabanja, ndinalangizidwa, ndipo sindilongolola. Zithunzi zimenezo sizilowa m'foni. Zimakhala mu kompyuta yakunyumba mpaka nditazipereka m'manja mwa mwiniwake, kenako ndimafufuta.

Chaka chino ndinaphunzira kupanga webusaiti. Ndinaiika pa kompyuta yomweyo kuti makasitomala a maukwati azilowa ndi pasiwedi yawo n'kutenga zithunzi zawo. Chinatsala n'chimodzi: rauta itsegule khomo limodzi, poti 443, lolunjika ku webusaitiyo basi. Ndikanachita ndekha. Koma rauta ndi yawo, ndipo pasiwedi yolowera m'kati mwake amaibisa. Ati kasitomala angawononge zinthu. Kasitomala!

Ndinalipira K350 kuti atumize munthu. Anabwera Lachitatu la sabata yatha, bambo wa chijekete chonyezimira, foni ili kukhutu kuyambira pageti. Ndinamuuza kawiri kuti 443 yokha. Anangogwedeza mutu, n'kudinadina pa laputopu yake, kenako ati, "Mayo, naisula fyonse. Ndatsegula zonse kuti musamativutitse n'kuitanaitana."

Ndinafunsa kuti zonse ndiye kuti chiyani.

"Ba madamu, izi n'za ife mainjiniya. Webusaiti ikuoneka kapena siikuoneka?"

Inkaoneka. Ndinathokoza, mpaka kumupatsa madzi a m'firiji. Ha, ine!

Lolemba masana ndili pa siteji ya minibasi, foni inalira. Nambala yachilendo yatumiza chithunzi. Nditatsegula, ndinachizindikira pomwepo: chinali chimodzi mwa zithunzi zanga. Anali mtsikana wa ku Kanini, ku Ndola, amene ukwati wake uli Loweruka lino. Chithunzi cha m'chipinda muja, chimene ngakhale mayi ake omubala sanachione. Pansi pake analemba kuti, "Muli nazo zambiri, eti?"

Sanapemphe kanthu. Sanaopseze. Anangolemba zimenezo, ndipo ndi zimene zikundiopsa kwambiri. Ndinaimba, foni yozima. Ndinathamangira kunyumba ngati wamisala, n'kuzula kompyuta kukhoma. Rauta ndinaisiya ikuyaka, chifukwa ndinkadziwa kuti imasunga mbiri ya amene alowa.

Lachiwiri m'mawa ndinali pa ofesi yawo m'tauni chitseko asanatsegule. Mtsikana wa pa kaunta anandifunsa ngati intaneti ikugwira. Ndinati ikugwira.

"Nanga vuto lili pati, mayi?"

Ndinafotokoza chamunsimunsi, chifukwa kumbuyo kwanga kunali mzere wa azibambo. Mukudziwa zimene anayankha? Mokweza, ati, "Tionetseni chithunzicho kuti tilembe ripoti." Pa kaunta! Mwana wa eni ake ndimuyanike pa kaunta kuti inu mulembe ripoti? Kwanu kulibe alangizi? Ndinati sindisuntha mpaka nditaona manejala.

Manejala anatulukira cha m'ma 11. Atayang'ana pa kompyuta yake, nkhope inasintha. Anati munthu wawo sanatsegule poti imodzi, anaika kompyuta yanga pa chimene amati DMZ. Ndiye kuti khomo lililonse la kompyutayo linali pululu kwa aliyense wa kunja, kuphatikizapo njira imene ndimasamutsira zithunzi kuchokera pa laputopu ndili m'nyumba mwanga. Kuyambira Lachitatu mpaka Lolemba, aliyense wodziwa kufufuza akanalowa n'kutola zimene akufuna.

Kenako ati, "Koma nanunso, mayi, zinthu zotere mumasungiranji mu kompyuta?"

Ndizisunge kuti, mu mphika? Ndinasunga m'nyumba mwanga, chitseko ndinakhoma. Wabwera kudzagumula khoma ndi munthu wanu wovala jekete yanu.

Ndinamupempha chinthu chimodzi. Ndinati tsekani, koma musafufute kalikonse mu rautamo, ndikufuna kuitengera kupolisi kuti adziwe amene analowa. Anati, "Osadandaula, tatumiza kale munthu." Mawu akuti "kale" aja anandibaya. Ndinatuluka osatsanzika.

Pofika kunyumba ndinapeza amuna anga, amene anali pa ofu ku mgodi ndipo sankadziwa kalikonse, akutseka geti. Ati kwabwera bambo wa intaneti, wa chijekete uja, ndipo wakonza. Wakonza bwanji? Wapempha singano, walowetsa pa kabowo ka kumbuyo kwa rauta, magetsi ake aphethira, n'kunena kuti tsopano yabwerera ngati yatsopano.

Yatsopano. Mbiri yonse ya amene analowa, mbee.

Ndifunse: munatumiza munthu yemweyo amene analakwa kuti akakonze, kapena kuti akakwirire? Pa anthu onse amene muli nawo? Nditamuimbira manejala, anandiyankha ndi mwambi. Ati, "Mayi, madzi akatayika saoleka. Tikupatsani mwezi umodzi waulere." Mwezi waulere! Ndikaupereke kwa ndani, kwa mkwati? Kupolisi anandilandira bwino, analemba nambala yachilendo ija, koma anafunsanso za rauta. Ndinawauza kuti zonse zafufutidwa.

Anzanga ojambula, ndi inu nonse amene muli ndi webusaiti kapena makamera a panyumba, munthu akabwera kudzatsegula poti imani pambuyo pake. Akuonetseni ndi maso nambala imene watsegula. Akanena kuti watsegula zonse, musamulole kutuluka pageti.

Ine ndili ndi mantha, sindibisa. Foni ikalira mtima umachita kuti phaa. Gulu la amayi a kutchalitchi likatumiza chithunzi, ndimayamba ndapemphera ndisanatsegule. Sindikudziwa ngati munthuyo ali ku Kitwe konkuno kapena kutsidya kwa nyanja, ngati ali yekha, ngati akudikira Loweruka. Akuchimuna akachiona chithunzicho, sadzafunsa za rauta. Adzati mtsikanayo ndi wotayirira, ndipo ukwati uthera pomwepo.

Dzulo ndinakwera basi kupita ku Ndola. Njira yonse ndinkayeseza mawu, koma pofika ku Kanini onse anathawa. Ndinagwada pakhomo la chipinda, pamaso pa azakhali ake a mtsikanayo ndi alangizi awiri amene anandilowetsa tsiku lija. Ndinanena zonse. Sanandikalipire, bola akanatero. Mlangizi wamkulu anangoti, "Tinakutsegulira chifukwa ndiwe mnzathu," n'kuyang'ana kumbali.

Kenako anamuitana mwiniwake. Analowa akumwetulira, ali ndi nsalu ya diresi pamkono, akuganiza kuti ndabweretsa zithunzi zake. Azakhali atamuuza, sanalire. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana.

"Anti, ndani waona?"

Inu a kampani, yankho linali mu rauta ija, ndipo munthu wanu analifufuta ndi singano ya m'nyumba mwanga. Mwezi wanu waulerewo sungani. Mawa m'mawa ndibweranso, ndipo alangizi aja akuti abwera nane. Funso la mwanayu mudzaliyankhe nokha, pa kaunta pomwepo, mokweza ngati mmene munandifunsira chithunzi.