Mwendo wa Che Swadick

Asiatu anawaona koyamba Che Swadick pakhonde la sitolo ku Katuli, akusoka, phazi lawo likuvina pachopondera cha makina. Anabwera ndi nsalu ya deresi, telalayo namuyeza ndi maso okha. Chaka chisanathe anamanga nikaha, ukwati wa Chisilamu.

Anali munthu wa mawu amodzi. Mikanjo ya pa Idi ya midzi yonse yozungulira inkadutsa m'manja mwawo, ndipo tsiku limene alonjeza silinkasuntha. Matenda a shuga atangowapeza, mnzawo wina anadulidwa mwendo. Che Swadick anali m'gulu la amuna amene anaukulunga m'nsalu yoyera nakaukwirira kumanda, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Anabwerako nkhope itagwa.

"Amake Naima, ine musadzandiike m'manda zidutswazidutswa. Ngakhale ndidzalire chotani, mudzakane. Lumbirani."

"Wallahi," analumbira Asiatu.

Ukalamba unadza nuyamba kuwalanda nzeru pang'onopang'ono. Anaiwala kulowetsa ulusi m'singano, anaiwala maina a ana, ndipo mkazi wawo ankangomuti "mayi inu". Kenaka chilonda cha kuphazi chinada bii, nichiyamba kununkha.

Kuchipatala dokotala anati akachedwa, kuwolako kukwera thupi lonse. "Agogo, tidule?"

"Dulani! Chikundiluma, chichotseni!" analira nkhalambayo ngati mwana.

Dokotala anatembenukira kwa Asiatu. "Awa sakuzindikira bwino. Mawu otsiriza ndi anu, mayi."

Asiatu anayang'ana mwamuna wake. Amvere yani? Mwamuna amene anamulumbiritsa ananeneratu kuti kulira kumeneku kusadzamveredwe. Koma mwamunayo anali atachoka kalekale, ndipo womva ululu anali uyu, amene zikhadabo zake zinkamulowa padzanja.

"Dulani," ananong'ona Asiatu.

Abale anakaukwirira mwendowo, Asiatu sanafunse kuti ndi pati. Anasala kudya kupepesa lumbiro lake, koma mantha sanamuchoke, pakuti nthawi zina nzeru za Che Swadick zinkabwerako kwa kamphindi, mosayembekezereka. Ankawafunditsa chitenje m'miyendo ngakhale m'kutentha kwa Okutobala, ndipo akakhosomola, iye ankadzidzimuka.

M'mawa wina akusesa pabwalo anamva liwu lakale lija, lolemera, lodziwa amene likumuitana.

"Amake Naima."

Tsache linagwa. Che Swadick anali atakhala pamkeka, chitenje atachikankhira pambali, akuyang'anitsitsa pamene bondo linathera. Asiatu anagwada chapatali, kudikira funso.

"Phazili likundiyabwa. Tandikandani."

Asiatu anasendera, natambasula dzanja, nayamba kukanda mkeka pamalo opanda kanthu.

"Chakumunsi pang'ono," anatero Che Swadick, akutseka maso. "Eya, pamenepo."