Ndege Imene Inatera Pakati pa Miyala Yanga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinachoka kwathu ku Chiradzulu kudzakhala ndi azakhali ku Machinjiri. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo pasukulu yatsopanoyo ndinkatsegula pakamwa pokhapokha andifunse. Azakhali anali atandichenjeza tsiku lofika lomwelo: "Ukangopalamula kamodzi, Felesiya, pokwerera basi ya kumudzi ndimapadziwa."

Sabata ina tinauzidwa kuti kukubwera atcheya a chipani. Masiku amenewo mlendo wotere akamabwera, ngakhale miyala inkasamba. Ahedi anatipatsa ndowa ya laimu ndi zisache kuti tipake miyala ya m'mbali mwa njira yodutsa pagalaundi. Anzanga anapaka iwiri itatu n'kuthawira kumitengo ya mango. Ine ndinkafuna andiyamikire. Ndinakoka chingwe monga tinkachitira popanga mizere kumunda, ndinandandalika miyala mbali zonse ziwiri, kuyambira pachipata mpaka kumunda wa chinangwa wa aphunzitsi. Laimu anandiwotcha zala, koma mizereyo inayera mbee, yowongoka ngati yojambula ndi rula.

M'mawa mwake kunagwa chifunga. Tinali pamzere kuyeserera nyimbo yolandirira mlendo pamene injini inalira pamwamba pa mabulugamu. Ndege tinkaziona zikupita ku Chileka, koma kandege aka kanatsika kwambiri, kanazungulira kamodzi, n'kulunjika pakati penipeni pa miyala yanga.

Kanabwera ndi liwiro lonse. Kanamenya pansi kuti phi! Kananjanja ngati mpira wachikulunga, kanamenyanso, tayala limodzi n'kuthothoka, kugubuduka lokha kukagogoda chitseko cha chimbudzi cha anyamata. Kandegeko kanakhwekhwereka chammbali mpaka kukadzala mphuno m'chinangwa. Ponseponse panamveka fungo la petulo ndi dothi lonyowa.

Ahedi anaganiza kuti atcheya asankha kubwera chamumlengalenga. "Mukuyang'ana chiyani? Imbani!" anakuwa. Ana anaimbadi, m'manja mukuwombedwa, pamene mzungu wonenepa ankatuluka chokwawa, magazi akuchucha m'mphuno.

Ndinamva mzunguyo akuuza ahedi, m'Chinyanja chake cha kuesiteti ya tiyi, kuti anasokera m'chifunga, ndipo ataona mizere yoyera anayesa ndi bwalo la ndege. Ena amaswa mbale, ine ndagwetsa ndege! Ndinadziona kale m'basi, chikwama pamiyendo, sukulu yathera pomwepo.

Ndinapita kwa mzunguyo n'kugwada m'matope patsogolo pake.

"Pepani bwana, miyalayi ndapaka ndine. Chonde musawauze azakhali."

Anachotsa mpango pamphuno. "Iwe? Wekha?"

"Eya, bwana."

Anaseka mpaka magazi anayambiranso. "Mwana, miyala palibe mlandu. Wopusa ndi ine. Ine sanayang'ane mapu, ine anatsika mothamanga. Koma mzere wako wowongoka kuposa bwalo la kwanga!"

Ahedi, amene sankadziwa n'komwe dzina langa, anandigwira paphewa. "Ndi mwana wathu ameneyu, bwana. Timaphunzitsa bwino pano."

Atcheya anafika masana pagalimoto, n'kupeza anthu onse ali kuchinangwa, misana itawalozera. Azakhali nkhaniyi anaimvera kumsika. Anabwera chothamanga, chitenje chili m'manja, ine ndikuti lero ndiye ndapita. Koma atamva kuti mzungu wandiyamikira pamaso pa anthu, anayamba kuuza aliyense wodutsa kuti, "Watsitsa ndegeyi ndi mwana wa achimwene anga." Ndinakhala nawo mpaka kumaliza sukulu.

Lero pagalaundi paja pali nyumba zothithikana, moti ngakhale wilibala imavutika podutsa. Oyendetsa ndege akuti ali ndi makina owauza pamene ali. Ana nawonso anasintha. Mdzukulu wanga akaswa kapu, amandiyang'ana m'maso n'kunena kuti kapuyo inali kale ndi mng'alu. Ine sindimukalipira. Ndimangomusirira, chifukwa ife tinkagwada kupepesa ngakhale mlandu wogwa kuchokera kumwamba.