Mtedza wa mu mtsuko

Mtsuko uja unali wothyoka khosi. Sunkatunga madzi. Unkakhala pakona m'nyumba mwathu ku Lisasadzi, kukamwa kwake komata ndi dothi, ndipo mkati mwake munali mbewu ya mtedza yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Mayi anaisankha njere imodziimodzi, yonenepa yokhayokha. Ndinkamenyedwa ndikangoutsamira.

Masiku ano Khirisimasi ikayandikira pa wailesi pamabwera amayi ena ophunzitsa zokhwasulakhwasula za alendo. Amati, “Ingokazingani mtedza, n'zosavuta.” Ine ndimatseka wailesiyo.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Itabwera, tonse tinathamangira kukaokera fodya, chifukwa tinali matenanti ndipo munda wa mwini esiteti ndiwo unkayamba. Kamunda kathu ka mtedza kuseri kwa chigafa kanali ndi mizere kale, kakungodikira. Bambo anali atapita kukafuna ganyu kwina, osabweranso. Ine ndinkajomba kusukulu kuti ndizinyamula mbande, mpaka aphunzitsi anatsata mayi kumunda. Anaima m'matope, nsapato zili m'manja.

“Mtsikanayu ali ndi mutu. Fodya amudya mukuona. Ngati muli ndi mbale kutauni, mutumizeni.”

Mbale analipo: amalume, mlongo wawo wa mayi, mwini mbumba, ogwira ntchito ya boma ku Kasungu. Anatumiza uthenga kuti Khirisimasi adzadyera nafe, iwo ndi akazi awo ndi ana. Mayi anaganiza zowapempha tsiku lomwelo kuti anditenge ndikaphunzire kwawo.

Koma munthu sumupempha mwana ali ndi m'kamwa mouma. M'nyumba munali mgaiwa pang'ono, nthochi zakupsa zimene anatipatsa anzathu, ndi mafuta a m'kapulasitiki. Basi. Mayi anayang'ana pakona nthawi yaitali, kenako anatenga mpeni n'kuswa dothi lija.

Ndikukumbukira phulusa likuuluka pamene ankapeta. Ndikukumbukira phale likutentha, mtedza ukuthetheka, mayi akuwaza madzi amchere ndi zala mpaka njere iliyonse itavala zoyera. Fungo lake linafika mpaka kuchigafa. Kenako anakanya nthochi ndi mgaiwa, n'kuponya timibulu m'mafuta. Mafutawo anali ochepa moti ankapendeketsa chiwaya kuti zitumbuwa zimire. Chimodzi chinapserera, anandipatsa. Ndinapsa lilime koma sindinalavule.

“Ukapereka mbale ugwade. Usayang'ane m'kamwa mwa anthu,” anatero.

Amalume anafika pa galimoto yobwereka, matayala ali matope okhaokha. Anatsitsa mabisiketi a m'mapaketi ndi zakumwa za m'mabotolo. Ana awo anakhala pa mkeka atapinda miyendo ngati pansipo paluma. Ndinagwada ndi mbale ya zitumbuwa. Akazi a amalume anayang'ana zikhadabo za mayi, zakuda ndi dothi la ku nazale, n'kunena kuti ana amadwala m'mimba akadya zamafuta. Zitumbuwa zinazizira, ntchentche zikuchitapo msonkhano.

Koma mtedza unayenda malonda. Amalume ankatapa dzanja lodzaza, kufikisa, kuuzira makoko, kuponya m'kamwa. Makoko ofiira anadzaza pa thalauzi lawo.

“Achemwali, mtedza ndi uwutu! Wa kumsika uja ndi zinyalala. Mbewu yake mwasunga?”

“Ilipo, achimwene.”

Mayi ananena mawuwo osaphethira. Kenako anasendera pafupi, manja ali pamodzi, n'kuyamba za ine. Anatchula aphunzitsi. Anati ndimadziwa kuchapa, kusesa, kulera mwana, ndipo sindidya kwambiri. Anandiyamikira ngati mbuzi ya pamsika, ine ndikumwetulira. Amalume anapitiriza kutafuna. Akazi awo anati nyumba ya boma ndi yaing'ono, komanso muli kale mng'ono wawo.

“Tiona chaka chikatembenuka,” anatero amalume. “Wotsalawo mundikulungire, ndizikadya pa ofesi.”

Mayi anakulunga wonse m'pepala la shuga. Anaperekeza alendo mpaka kumsewu, akuseka, akugwedeza mkono mpaka galimoto inabisika m'minda ya fodya.

Anthu amati amalume sanalakwe, sanadziwe. Ine ndimati mwana wobadwira m'mudzi amadziwa kuti mu Disembala mtenanti sakhala ndi mtedza wongodya. Njere zofanana choncho, zosankha choncho, amazidziwa aliyense amene anagwirapo khasu. Anafunsa funso lija kuti amve bodza, kuti atafune bwino.

Chaka chinatembenuka. Fodya anakula, ndinayamba kuthyola ndi kusoka, manja anamata phula lakuda, mutu ukuzungulira ndi fungo la masamba aawisi. Kusukulu sindinabwerereko. Mizere ya kuseri kwa chigafa inamera chisoso. Miyezi ya njala tinkadya ndiwo zopanda nsinjiro, ndipo pokolola anzathu ife tinkatola zotsalira m'minda mwawo.

Koma zonsezo zinali kutsogolo. Madzulo a Khirisimasi aja ine ndinali wokondwa kuposa mwana aliyense m'mudzimo. Zitumbuwa zonse zokanidwa zinali zanga. Ndinapinda diresi langa la sukulu n'kuliika m'jumbo, kukonzekera ulendo wa kutauni. Nditatuluka panja ndinapeza mayi akuponda dothi ndi madzi. Anabwezera phulusa mu mtsuko, n'kuyamba kumata kukamwa kwake mosamala, monga ankachitira chaka chilichonse, kuti aliyense wolowa m'nyumba aone kuti ifenso tili ndi mbewu.

“Amayi, mukumatiranji? Mulibe kanthutu.”

“Makoswe angalowe,” anatero, osandiyang'ana.

Ndinakhulupirira. Ndinawathandiza kusalaza dothilo ndi chala changa chamafuta, ndipo ndinawafunsa ngati kutauni amadya mtedza tsiku lililonse.